Musalire, Mwana Wagona

Mu Lilongwe muno aneneri achuluka kuposa zigayo. Ukangokhota kona wapeza tenti, sipika, ndi bambo wa suti yonyezimira akukutchulira nambala ya foni yako ngati kuti iwe unaiiwala. Amenewo tinawazolowera. Koma Luckson wa ku Mgona sanafune kupanikizana nawo pamzere. Iye anati si mneneri, si mtumiki, ndipo sanatumidwe ndi aliyense. Anati ndi mwiniwakeyo, Mesiya amene dziko lonse lakhala likumudikira. Ankalalikira kuti Akhristu, Asilamu, Ayuda, ngakhale Amwenye a masitolo, onse akuyembekeza munthu mmodzi, mayina okha ndiwo osiyana, ndipo munthuyo wafika, akukhala kuseri kwa msika wa Mgona. Ine Mwawi ndinkamudziwa akuitanira maminibasi a ku Area 25 mu depoti, ndipo anandipondapo chala osapepesa. Chaka china anangosiya ndevu, kusoketsa mkanjo woyera, n'kuvula nsapato. Anthu ake anayamba kumutchula kuti Ababa.

Tikanangomuseka n'kumupitirira akanapanda kulowa m'banja mwathu.

Tusekele ndi mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga Collins amene anapita ku Joni kukasaka maganyu. Kwawo ndi ku Karonga, kwathu ndi ku Rumphi, ndipo tonse tinali a Umanyano, gulu la amayi la kumpingo kwathu. Tusekele anavutika kuti aone mwana. Mimba zinkangochoka, anthu n'kumamunena, mpaka anabereka kamtsikana kamene anakatcha Mwayiwathu. Sanaberekenso. Mwanayo anali wochenjera, wamakani ngati azakhali ake ine, woti akabwera ku saluni kwanga ankauza makasitomala kuti sitayilo imene asankha siwakhala. Koma anabadwa ndi mphumu. Ikamugwira ankalira m'chifuwa ngati kamwana ka mphaka, ndipo mayi ake ankakhala ngati akubanika naye limodzi.

Mayi wotere safuna kumunyengerera kwambiri. Mnzake wina wa pamsika wa Kawale anamutengera ku Mgona, Luckson anauzira mwanayo mpweya kumaso, ndipo popeza nyengo yozizira inali ikutha, chifuwa chinayamba chaleka. Basi Tusekele anapinda yunifomu ya Umanyano n'kuiika pansi pa sutikesi. Kampope kopumira kamene mwanayo ankayenda nako m'chikwama cha kusukulu kanakaponyedwa mu diramu ya Ababa, mmene munali kale mapiritsi a shuga, magalasi a maso ndi ndodo za anthu ena. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Iye ankangondiyankha kuti, "Alamu, inu simunawayang'ane m'maso."

Mu Okutobala, fumbi litakwiya, mphumu inabwerera. Inamugwira masana akuchokera kusukulu, ndipo pamene mayi ake amathamanga kukafuna wa kabaza, mwana anali atapita kale. Amene anandiimbira ndi Che Harun, telala wa pakhonde loyandikana ndi nyumba yawo ku Kawale. Anangoti, "Amayi, bwerani. Zavuta kuno, koma zavuta mwa mtundu wina."

Ndinasiya kasitomala mutu uli theka, ndinatseka saluni ku Biwi n'kuuyatsa wapansi. Maliro umawamva usanawaone. Ndinkayembekeza kuti ndikafika pa mpopi wa pakona ndimva amayi akubuma, inenso ndiyambire pomwepo, chifukwa kwathu pamaliro sulowa ndi moni, umalowa ndi kulira. Koma kunali zii. Anyamata a m'deralo anali atayala nthambi pamsewu monga timachitira kuti odutsa adziwe kuti pagwa zovuta, ndipo ndinapeza bambo wina wa mkanjo woyera akuzitola n'kumaziponya m'ngalande. Pageti panaima azimayi awiri, nawonso atavala zoyera kuyambira kumutu.

"Ngati mwabwera kudzalira, mubwerere pomwepo," anatero mmodzi. "Pano palibe maliro. Mwana wagona."

"Ndine azakhali ake. Tandipatseni njira."

Ndinapeza Mwayiwathu atamugoneka pabedi la mayi ake, atamusambitsa, atamudzoza, atamuveka yunifomu ya kusukulu. Nsapato zake zinali pansi, zopolishidwa. Pampando panali phala lovundikira ndi mbale, loti akadzuka adye. Tusekele anakhala pambali akumukupiza ndi katoni, nkhope itauma, milomo ikuyesa kumwetulira. Pabalaza, pa sofa yabwino ija, panali Luckson akumwa tiyi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilire. Tusekele anandiona, nadumpha kudzanditseka pakamwa ndi dzanja.

"Alamu, chonde, ndagwira mwendo wanu. Ababa akuti mwana ali m'njira, akubwerera. Koma akangomva kulira adziwa kuti kwawo kuli maliro, achita mantha, athawa. Ngakhale msozi umodzi, alamu. Mukudziwa mmene amaopera maliro mwana ameneyu."

Zinali zoona, ankaopa. Tikamadutsa pamene ayala nthambi ankabisa nkhope m'chitenje changa.

Ndinatulukira pabalaza. "Iwe Luckson," ndinatero, ndipo azimayi a zoyera aja anagwira pakamwa ngati ndatukwana. "Mwana uyu wamwalira. Ndi mwana wa mlongo wanga. Tenga anthu ako uzipita, ife tilire."

Sanakwiye, ndipo n'chimene chinandiopsa. Anaika kapu pansi bwinobwino, nandiyang'ana ndi maso achisoni ngati wodwala ndine.

"Mwana wanga, dzina limenelo ndinalisiya mu depoti. Iwe ukufuna bokosi, mayi ake akufuna mwana. Sankha wekha kuti uli mbali iti."

Ine amene pakamwa panga amapadziwa Biwi yense, ndinatuluka ngati galu wothiridwa madzi.

Panja azibambo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, osadziwa ngati akhale pansi kapena aziimirira, poti kukhala pansi ndiye kuvomera kuti ndi maliro. A Zebedee, mkulu wa mpingo wathu amene anapuma pa uphunzitsi, anali atabwera ndi buku la nyimbo, koma pageti anawabweza. Ndinawapeza akulankhula ndi Che Harun.

"Si woyamba uyu," ankatero a Zebedee. "Kuyambira kalekale akhala akubwera. Ayuda anali naye wawo, anthu mpaka kugulitsa nyumba kuti amutsatire, koma mfumu itamuonetsa lupanga anasintha chipembedzo. Ku China kunali wina ankati ndi mng'ono wake wa Yesu. Anthu amene anafera ameneyo sangawerengeke."

"Kwathunso aliko," anatero Che Harun. "Odzitcha Mahadi, amene ife timati adzabwera kumapeto kwa dziko. Uyunso anandipeza pamakina n'kundiuza kuti Mahadi wanu uja ndine. Ndinamufunsa kuti Maka ali mbali iti, anandilozera kumadzulo, ku Likuni."

Ena anaseka pang'ono, n'kuleka msanga atakumbukira pamene aima.

"Ndiye titani, a Zebedee?" ndinafunsa. "Mbiri yanuyo siika maliro."

Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi. "Mayi, onsewo palibe amene anagonja ndi mtsutso. Amatha okha, koma amatha atamaliza anthu."

Ndinapita kwa amfumu a m'deralo. Anati nkhani ya chikhulupiriro ndi yovuta, mwini mwana ndi mayi ake, tione kaye mmene kuchere. Ndinaimbira Collins kuti alamule monga bambo, tinyamule mwana tikamuike kwathu ku Rumphi pafupi ndi makolo athu. Mlongo wanga ndi munthu woti anakulira mu Sande sukulu. Koma anati, "Mwawi, nanga ngati n'zoona? Tamusiyani ayese kaye." Ndinafuna kumukalipira, koma ndinalibe poyambira. Inenso, wa Umanyano ine, ndinali nditaima kangapo pakhomo la chipinda chija ndikuyang'anitsitsa pachifuwa pa mwana, kudikira kuti yunifomu ikwere pang'ono. Luckson anatigwira pamenepo tonse. Ndani angafune kuti msozi wake ndiwo ubweze mwana?

Choncho Kawale yense anameza misozi. Amayi oyandikana nawo ankabwera, kusuzumira, n'kutuluka atadziluma milomo, kukalirira kuseri kwa nyumba zawo. Anzathu a Umanyano anafika atavala yunifomu, naima pamsewu ngati asochera, ndipo mmodzi atangoyambitsa nyimbo ya pamaliro Tusekele anatuluka yekha kudzawagwadira kuti asiye. Ine ndinkapita kukalirira ku Biwi, m'saluni, nditatseka chitseko, kenako kusamba kumaso n'kubwerera. Ndinali ndi mkwiyo umene sindinaumvepo chibadwire, ndiponso manyazi, chifukwa mkwiyowo sunkasuntha kanthu.

Ndinaimbira amake Tusekele ku Karonga. Ndinawauza kuti mdzukulu wawo watisiya, abwere. Za lamulo la Luckson sindinanene, poti si nkhani yoti munthu wamkulu angaimve pafoni n'kuimvetsa. Ndinkati mwina mlamu wanga akaona mayi ake nzeru zibwerera.

Dzuwa la Okutobala silidikira Mesiya. Tsiku lotsatira anthu a zoyera anabweretsa feni, magetsi n'kuzima. Anayamba kufukiza lubani, kenako kupopera mankhwala a ntchentche. Fungo likamakwera iwo ankakweza nyimbo. Tusekele sankadya, sankagona. Phala likazizira ankalitaya n'kuphika lina. Ndinamupeza masana akupesa tsitsi la mwana, akumuuza kuti aphunzitsi ake afunsa, kuti anzake a phada akumudikira, kuti asachedwe kwambiri poti mayeso ayandikira. Nkhope ya mwanayo inali itayamba kusintha. Ndinayang'ana kudenga.

"Alamu, taonani," anandinong'oneza. "Masaya akudzaza. Ababa akuti ndi mpweya ukulowa."

Ndinatuluka msanga kuti asaone misozi yanga.

Azibambo atayamba kung'ung'udza zoti aitane apolisi, Luckson anaima pakhonde n'kulengeza kuti mawa, dzuwa likafika paliwombo, mwana adzuka n'kupempha madzi akumwa. Apolisi aja anayamba aiwalika. Aliyense anati tapirira kale, titha kupirira mpaka mawa.

M'mawa mwake msewu unadzaza. Ena anachokera ku Mchesi, ena ku Area 23, mafoni ali m'mwamba, ogulitsa madzi ozizira nawo osatsalira. Dzuwa litakwera Luckson analowa m'chipinda n'kutseka chitseko, ife tikumva mawu ake aja a mu depoti akuitana dzina la mwana, kuitana, kuitana. Tusekele anagwada pakhomo la chipindacho, chipumi chili pachitseko. Kunja anthu anakhala chete moti ndinkamva nkhuku zikupalasa kuseri.

Nthawi imeneyo ndi imene wa kabaza anatsitsa amake Tusekele pakona paja. Mayi wachikulire, woonda, wotopa ndi basi ya ku Karonga, kathumba ka mpunga kali pamutu. Anaona khamu pakhomo pa mwana wawo, nachita chimene mayi aliyense wa kwathu akanachita. Anatula kathumbako, kumanga chitenje m'chiuno, kuika manja kumutu, n'kuyamba kubuma m'Chinkhonde, akutchula dzina la mdzukulu wawo, akumufunsa kuti wawasiyira yani. Kwathu mayi wofika pamaliro a mdzukulu wake maso ali gwa amamutcha mfiti. Iwo ankangochita zoyenera.

Azimayi a zoyera anathamanga kuti akawatseke pakamwa, koma anachedwa. Amayi a ku Kawale amene anasunga misozi masiku onsewa anangomasuka onse pamodzi. Msewu wonse unalira. Inenso ndinalira, ndipo sindinabise.

Chitseko cha chipinda chinatseguka. Luckson anatuluka thukuta lili kamukamu, mpango uli pamphuno, nakweza dzanja mpaka phokoso linatsika.

"Anali pakhomo," anatero. "Ndinamugwira dzanja, likutentha. Anangotsala pang'ono kuponda pansi. Wamva kulira, wathawa." Analoza mayi wachikulire uja, amene anali atadzigwetsa pafumbi pageti. "Mwana uyu koyamba anafa ndi matenda, kachiwiri wafa ndi agogo ake. Ine ndasamba m'manja."

Galimoto inali ikumudikira kale kuseri, itayang'ana kumsewu. Anthu ake anamutsatira akulavulira malovu kumene kunali mayi uja, ena akuti mfiti iyi. Amake Tusekele, amene Chichewa chimawavuta, anandigwira chitenje akuyang'ana uku ndi uku.

"Mwana wanga, ndalakwa chiyani? Kodi si maliro ano?"

"Ndi maliro, mama. Simunalakwe."

Za ku Rumphi zinathera pomwepo, mwana sakanatha kuyenda ulendo umenewo. Azibambo anathamangira ku Mchesi kukatenga bokosi, a Zebedee anatsegula buku lawo la nyimbo, ndipo tinamuika madzulo omwewo m'manda a m'tauni momuno, pakati pa anthu osawadziwa. Mwambo woona nkhope panalibe. Che Harun anagwira nawo fosholo mpaka manda kudzaza. Tusekele anaima chapafupi maso ali gwa, osagwetsa msozi ngakhale pamene dothi limagunda bokosi. Anthu ankanong'onezana kuti mutu wasokonezeka. Ine mantha anga anali ena. Ndinkati sadzawalankhulanso mayi ake mpaka imfa.

Koma sizinatero. Masiku otsatira ankawatenthetsera madzi osamba, kuwayalira mphasa pamthunzi, kuwafunsa za mwendo wawo umene umawavuta. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinkati zamutsegula maso, akungofunika nthawi kuti alire bwinobwino.

Anthu atabalalika, titasesa nyumba, ndinafika m'mawa wina n'kumupeza akulonga chikwama. Pamwamba panali nsalu yoyera.

"Ulendo wa kuti, alamu?"

"Ku Mgona. Ababa akufuna amayi osesa ndi kuphikira alendo. Ndizikakhala komweko."

Pamenepo ulemu wa pachilamu unandithawa. "Iwe Tusekele, wapenga? Munthu anakuwoletsera mwana m'nyumba, anatukwanitsa mayi ako pamaso pa Kawale yense, ndiye ukamuphikire?"

Anasuzumira kukhomo kuona ngati mayi ake, amene anakhala pakhonde, akumva. Kenako anandikokera pabedi n'kulankhula motsitsa.

"Ababa ndi achifundo, alamu, inu simukudziwa. Amayi alibe mlandu. Anawaloza iwo pofuna kundibisa ine, kuti anthu asandigende."

"Kukubisa pa chiyani?"

"Ndinalira ndine." Ananena ngati akunena kuti kunja kwatentha. "M'mawa wa tsiku lomwe lija, amayi asanafike. Ndinalowa m'bafa, ndinaona kasiponji kake kali pamsomali, basi misozi inangotuluka yokha. Pang'ono chabe, alamu. Ndinadziluma dzanja, ndinathira madzi kumaso, ndinkati palibe wamva. Koma Mwayi amandimva ine ngakhale ali kusukulu. Ndikadwala amadziwa ndisanamuuze. Anandimva, anathawa."

"Ndani wakuuza zimenezo?"

"Ndinapita dzana kukaulula. Ababa anati ankadziwa kale."

Ndinagwada patsogolo pake, ine amene sindigwadira munthu. Ndinamuuza kuti mwana anapita masana aja mphumu itamutseka, kuti panalibe njira imene ankabwerera, panalibe dzanja lotentha. Ndinamuuza kuti Luckson anatuluka m'chipinda muja chifukwa cha fungo, ndipo akanapanda kulira amayi ake akanaloza ine, kapena nkhuku, kapena mphepo. Ndinamuuza kuti mayi kulira mwana wake si tchimo pamaso pa Mulungu, kaya wa ku tchalitchi kaya wa ku mzikiti. Ndinamupempha kuti alire tsopano, pompano, ine ndimugwire.

Anandisisita paphewa ngati wofedwa ndine.

"Mukunena choncho chifukwa mumandikonda. Koma ine ndikudziwa chimene ndinachita." Anatseka zipi ya chikwama. "Ababa akuti akumuonabe. Akuti wakhala pansi penapake, wandikwiyira, sakufuna kuyang'ana kuno. Ndikatumikira bwino, osaliranso, mwina adzamunyengerera kuti andikhululukire."

Anatuluka, kugwada pamaso pa mayi ake n'kuwauza kuti wapeza ntchito, ndipo iwo anamudalitsa posadziwa kanthu. Ndinaimbira Collins, foni sinkapezeka. Ndinaganiza zoima pageti n'kumutsekereza, zokuwa, zothamangira kwa a Zebedee. Koma ndinadziwa kuti ndikamutsekera lero atuluka mawa, ndipo mawu amene ndinali nawo ndinali nditawamaliza onse. Munthu amene sanadye bwino masiku onsewa anali akudzandira ndi chikwama chija, akupumira pa mpanda uliwonse. Ndinamulanda n'kuchisenza ine mpaka pa siteji.

Minibasi inabwera, anakwera n'kukhala chakuwindo, chikwama chili pamiyendo. Kondakitala akutseka chitseko, iye anayang'ana nkhope yanga, maso ake n'kudzaza mantha. Anakankha windo n'kutulutsa mutu.

"Musalire, alamu," anatero. "Mwayi angamve."